Tifufuzenso za ana athu pa intaneti

Akonzi,

Kafukufuku wa Disrupting Harm, yemwe UNICEF, ECPAT (bungwe lolimbana ndi mchitidwe wogwiritsa ntchito ana pa zachiwerewere) ndi INTERPOL anachita m'maiko 13 kuphatikizapo Mozambique ndi Tanzania, wandisowetsa tulo. Anapeza kuti nthawi zambiri amene amanyengerera kapena kuopseza ana pa intaneti kuti atumize zithunzi zolaula ndi anthu owadziwa kale, osati alendo. Chopweteka kwambiri n'chakuti ana okanena kupolisi ndi ochepa zedi. Ena amangonong'oneza mnzawo kapena m'bale wawo, ena amafa nazo mumtima.

Malawi sanali nawo pa kafukufukuyu, chonsecho ana athu akubwereka mafoni athu usiku n'kumacheza pa WhatsApp ndi Facebook ife tili mtulo. Ndikupempha MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ndi unduna woona za ana achite kafukufuku wathuwathu, anawo afunsidwe m'zilankhulo zawo, ndipo nambala yothandiza ana ya 116 ilembedwe pakhoma la kalasi iliyonse.

Kholo lodandaula,
Zomba