Adokotala a timu yathu atisiya

Kasungu

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno matupi alipo bwino, mitima yokha ndiyo yasweka. Chipepeso chimene munatumiza chija ndinakachipereka ndekha m'manja mwa amayi a kunyumba kwa Adokotala, ndipo anathokoza kwambiri. Pa foni paja sitinalankhule zambiri, inu munali pa ntchito, ine ndinali pasiwa. N'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndikulembereni bwinobwino za Adokotala, popeza inunso munadutsa m'manja mwawo.

Sanadwale nthawi yaitali. Anagwa m'mawa akukonzekera zopita ku bwalo, mbali yakumanja inafa, mawu osatulukanso. Achipatala anati ndi sitiroko, yobwera ndi BP imene anakhala nayo kwa zaka. Chimene chinatiwawa kwambiri n'chakuti matenda omwewa ndi amene iwo ankadzutsako anthu ena. Mukukumbuka mitengo iwiri ya bulugamu ija anaikhoma mopingasa kuseri kwa nyumba yawo? Agogo amene achibale anali atawataya kale mtima ankagwira mitengo imeneyo uku ndi uku, Adokotala ali kumbuyo atagwira m'chiuno, akuwerenga mapazi limodzilimodzi mpaka munthu kuyambanso kupita yekha kuchimbudzi. Iwo mwayi umenewo sanaupeze.

Maliro awo ndikanakonda mukanawaona ndi maso anu. Anthu anachokera ku Santhe, ku Chamama, ku Mtunthama, ku Nkhamenya, ena mpaka ku Mchinji. Matimu amene timatukwanizana nawo pa bwalo anabwera atavala majezi awo, n'kukhala pansi limodzi ndi ife. Adzukulu anavomera kuti anyamata a timu anyamule bokosi kuchoka m'nyumba kukafika pamsewu, ndipo pambuyo pawo tinkayenda ife akale, ena a imvi, ena a mimba. Koma amene analira kwambiri sanali a mpira. Anali amayi obereka ana olumala, ndi madala oyendera ndodo, anthu amene ife sitinkadziwa n'komwe kuti ankapita kwa Adokotala. Paja ntchito yawo anaiyambira kwa a MAP, bungwe lothandiza anthu olumala, masiku amene poliyo inali itapundula ana ambiri m'dziko muno, ndipo za mpirazi zinachita kuwapeza ali kale ndi manja ozolowera miyendo ya anthu.

Pamaliro anthu analankhula zabwino zambiri: anali oseka, anali opatsa, sankasunga mangawa. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndikawaganiza, mawu amene amandibwerera ndi amodzi okha, aja ankanena pa benchi akuti "salowa." Pa timu yonse munthu amene ankatha kunena mawu amenewa osaphethira anali iwo okha. Kochi akufuna mapointi, akomiti akufuna ndalama za pageti, masapota akuimba dzina la mnyamata, mnyamatayo mwiniwake akulumbira kuti sakumva kuwawa paliponse. Adokotala ankangomuuza kuti aime ndi mwendo umodzi n'kudumpha katatu. Akangokwinya nkhope, basi zatha. Ankamuvula nsapato n'kuziika m'chikwama chawo, chikwamacho n'kuchikhalira. Anatukwanidwa kokwanira chifukwa cha zimenezi, makamaka m'mabonanza aja a nyengo ya chisankho, pamene ndalama zimakhala zili patebulo aliyense akuziona. Ena ankati agulidwa ndi timu inayo. Sankayankha. Ankati mnyamatayu mpira ausewera zaka khumi akachita mwayi, koma miyendoyi alimira nayo fodya ndi chimanga mpaka kukalamba.

Bondo lanu lija ndiye umboni wake. Tsiku lija ku Mchinji mvula inali itagwa usiku, phazi linamira m'matope thupi n'kutembenuka lokha, ndipo ife amene tinali pafupi tinamva bondo likulira. Anakugonekani chagada kunja kwa mzere, dzanja limodzi anagwira ntchafu, linalo anagwira kunsi kwa bondo n'kukokera kutsogolo pang'ono. Anachitanso chimodzimodzi mwendo wabwinowo kuti afanizire. Nkhope yawo itasintha ndinadziwa kuti zavuta. Anati mtsempha wa mkati umene umagwira bondo kuti lisamaseguke waduka, ndipo chinthu chimenecho sichipola ndi sabata ziwiri, chimafuna miyezi 9 kapena kuposa. Anakuperekezani okha ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera kuno, ndalama ya minibasi yawo n'kulipira okha. Inu munakwiya, moni munasiya kuwayankha, poti nthawi imeneyo matimu a mu Super League anali atayamba kukufunsani. Iwo m'mawa uliwonse njinga pakhomo panu. Anadula chubu chakale cha njinga n'kuchimanga pa mwendo wa bedi kuti muzikoka, anathira mchenga m'kathumba n'kukamanga pa akakolo kuti muzinyamula mwendo mutagona. Mukafunsa kuti ndiyamba liti kuthamanga, yankho linali lomwe lija: kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpira wa ligi simunabwererenso, n'zoona. Koma lero mukukwera makwerero ndi matumba a simenti ku Joni, ana akupita kusukulu, ndipo ndi bondo lomwelo.

Nkhondo yawo yaikulu inali yolimbana ndi zimene tinakula nazo. Kwathu kuno munthu akabinya mwendo, amayi amatereka madzi kuti amuthowe, amalume amabwera kudzakoka, ndipo pakatupa kwambiri amapita kotemera mphini kuti magazi oipa atuluke. Adokotala ankafotokoza mofatsa kuti masiku awiri oyambirira mkatimo mumakhala mukutuluka magazi, ndiye ukaikapo moto kapena kutikita ndiye kuti ukuwonjezera kutupa. Ankafuna ayisi wokulunga m'kansalu, mphindi 15 kapena 20, bandeji yomanga bwino, mwendo n'kuukweza pa mtsamiro. Kuthowa ndi kutikita ankati zibwere pambuyo pake. Ayisiyo ankachita kukapempha Loweruka m'mawa kwa amayi ogulitsa mafilizesi, n'kumunyamula m'kabokosi kabuluu kaja kosweka chivindikiro. Za mphini ndiye sankafuna kumva n'komwe, chifukwa anaonapo mabondo atatukusira mafinya ndi lezala limodzi logwiritsa ntchito anthu angapo. Koma sankanyoza makolo a anyamatawo. Ankapita kumudzi, kukhala pamphasa, kudya nawo nsima, kenaka n'kupempha kuti awabwereke mwanayo kwa sabata imodzi, zikakanika adzayese zawozo. Kawirikawiri sabatayo ikamatha mwana amakhala wayamba kuponda.

Pamene mwendo wathyoka sankachita zoyesa. Ankaumanga ndi timatabwa kuti usagwedezeke, n'kuthamangira nawo kuchipatala kuti akaujambule ndi kuika chikhakha. Ankadziwa pamene manja awo alekezera.

Za zithumwa mukudziwa mmene zilili mu mpira wathu. M'matimu ambiri mawu akuti dokotala wa timu amatanthauza anthu awiri, wa bandeji ndi wa usiku. Akomiti ankabwera ndi tizinthu tawo kuti tibisidwe m'chikwama cha Adokotala, poti chikwama chimenecho chimalowa m'bwalo osachisecha. Anakana kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Ankatsegula chikwamacho pamaso pa aliyense: mabandeji ochapa n'kuyanika mobwerezabwereza, pulasitala, sizasi, thonje, magolovesi, mankhwala otsukira zilonda, ndi timapaketi ta Thanzi tosungunulira anyamata mu Okutobala dzuwa likamawotcha bwalo mpaka kuuma gwa.

Ndimakumbukanso mmene ankamangira akakolo masewero asanayambe. Mnyamata amakhala pa benchi, chidendene chili pa bondo la Adokotala, phazi litaimirira. Ankayamba ndi mizere iwiri yozungulira pamwamba pa akakolo, kenaka kuchokera mkati, kudutsa pansi pa chidendene, kukwera kunja akukoka pang'ono, chifukwa mwendo kawirikawiri umapindikira mkati ndipo mitsempha ya kunja ndi imene imavulala. Akamaliza ankatsina chikhadabo cha chala chachikulu n'kudikira kuti chifiirenso, kuti aone ngati magazi akuyenda. Nthawi yonseyo amakhala akufunsa za mayeso a MSCE, za mayi amene akudwala, za mtsikana amene wapatsidwa mimba. Anyamata ambiri zimene sankatha kuuza bambo awo ankazinenera pa benchi pamenepo, mutu uli pansi, akuyang'ana pulasitala.

Chinthu chimene chinawasintha kwambiri ndi imfa ya Marc-Vivien Foé. Mukukumbuka pa 26 Juni 2003, Cameroon ikusewera ndi Colombia ku Lyon, munthu wa zaka 28, wamphamvu zake, anangogwa pakati pa bwalo popanda womugunda. Tinaonera limodzi pa kanema tsiku limenelo, ndipo Adokotala anatuluka osalankhula ndi munthu. Sabata yotsatira anabwera ku maphunziro a timu ndi thumba la madeya, n'kutigwaditsa mmodzimmodzi. Manja awiri pakati pa chifuwa, zigongono zowongoka, kupsinja mwachangu ndithu n'kumauzira mpweya mwa apo ndi apo. Ankakalipa akaona anthu akuthamangira kukanula pakamwa pa wokomoka ndi supuni kapena zala ati wameza lilime. Ankati ngati akupuma mugonekeni cham'mbali, ngati sakupuma yambani kupsinja, wina athamangire galimoto. Chaka chilichonse ligi isanayambe thumba lija limabweranso, ndipo amene wakana kugwada sankapatsidwa jezi.

Pamene Christian Eriksen anagwa ku Copenhagen pa 12 Juni 2021, Denmark ikusewera ndi Finland, anandiimbira foni usiku womwewo. Mawu awo ankanjenjemera. Ankati waona, amudzutsa pa bwalo pomwepo chifukwa anthu anayamba msanga ndipo makina odzutsira mtima anali pafupi. Eriksen atabwereranso m'bwalo ndi Brentford mu 2022 anasangalala kwambiri, koma ankangobwereza kuti mwana wa kuno akadzagwa chonchi, tili ndi manja okha. Makina amenewo anawalakalaka mpaka tsiku lomwalira.

Wogundidwa m'mutu ndiye sankanyengerera ngakhale pang'ono. Ankamufunsa kuti tikusewera ndi ndani, tili chigawo chanji, wagoletsa komaliza ndani. Akangozengereza kapena kuyankha zina, tsiku limenelo mpira watha, ndipo usiku ankapita kukauza a kunyumba kuti akayamba kusanza kapena kugona kosadzuka asadikire kuti kuche.

Pa zonsezi timu sinawalipirepo malipiro enieni. Ikapambana ankalandira kangachepe mofanana ndi anyamata, ndipo kameneko kankathera pa pulasitala. Zimenezi zimandipweteka, achimwene. Mpira wathu umadziwa kugula womwetsa zigoli, umadziwa kuchotsa kochi, koma munthu wosamala matupi a ana a eni amaonedwa ngati wongothandiza. M'maligi a m'zigawo muno masewero ambiri amachitika popanda machira, popanda galimoto yodikira, wovulala amanyamulidwa ndi anzake manja ndi miyendo. A FAM ndi a SULOM, mabungwe oyendetsa mpira m'dziko muno, akamanena za malamulo a zachipatala m'makalabu, ine ndimafuna zimenezo zitsike zifike mpaka pa mabwalo a fumbi a kuno, chifukwa osewera a Flames amachokera konkuno. Mu Januwale 2022, Gabadinho Mhango atagoletsa chigoli chakutali chija ndi Morocco, tonse tinadumpha n'kugwetsa mabenchi, ndipo Adokotala anadumpha nafe. Koma titakhala pansi anati tiganize kuti ndi angati onga ameneyu amene anathera pa bwalo la sukulu ali ndi zaka 17 chifukwa chosowa womuuza kuti apume.

Ankanyadira kuti zinthu zikusintha. College of Medicine ku Blantyre itayamba digiri ya mafizo mu 2010 ankauza aliyense, ndipo lero sukuluyo ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ankati ana amenewa adzadziwa zambiri kuposa iwo, chofunika n'chakuti ena a iwo adzavomere kubwera kumaboma kuno.

Tsopano nkhani imene ndikufuna tithandizane. Pali mtsikana uja wa timu ya atsikana amene wakhala akuwanyamulira chikwama zaka zapitazi. Manja ake ndi abwino, ndipo mtima wokana uja anautengera. Loweruka lapitali anatulutsa goloboyi wathu atagundana mutu ndi mnzake, masapota akumukuwiza, iye osatekeseka. Amayi a kunyumba amupatsa chikwamacho. MSCE anakhoza bwino, ndipo akufuna kukaphunzira za mafizo. Ife akale takumana ndipo tagwirizana kuti tizisonkha mwezi uliwonse za fizi yake, ndalama zizisungidwa ndi anthu atatu, osati akomiti ya timu. Ndikupemphani mulowe nawo, komanso muwauze anzathu ena amene ali kumeneko ndi ku Cape Town, poti ambiri a iwo anamangidwapo mwendo ndi Adokotala. Chachiwiri, mukapeza mpata mutifunsireko mtengo wa makina odzutsira mtima aja m'masitolo a zachipatala, tidziwe ngati tingawakwanitse tikaphatikizana ndi matimu ena a pa boma pano. Ndipo mukamabwera mu Disembala mutitengereko pulasitala womangira akakolo ndi mabandeji otanuka, kuno akusowa ndiponso akwera mtengo.

Amayi a kunyumba ati mukafika mudzawaone, akufuna kudzakuonani mukuyenda. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mundiyankhe msanga pa za mtsikanayu, chifukwa tikumananso kumapeto kwa mwezi uno.

Ndine mnzanu,
wa kuno ku Kasungu