Ndinadziletsa ndekha kubetcha kwa zaka 5, koma ndayambiranso kudzera mwa mlamu wanga

Azakhali,

Pepani ndikulemba usiku, panopa ili cha m'ma 3 koloko, ndili pa shifiti, agogo onse agona nde ndangokhala ku kitchini ndi foni m'manja. Kalatayi ndayiyamba katatu nkufufuta. Dzina langa musalembe chonde, ngakhale tauni yomwe ndili, aMalawi kuno timadziwana tonse. Mungoti ndili ku England ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndili ndi zaka 36, akazi anga ndi ana awiri ali ku Blantyre.

Vuto langa ndi kubetcha. Mayi anga amati juga, mawu amenewo amandibaya chifukwa kwa ine juga ndi ija ya makadi kuseri kwa msika, ine ndinkangotsata mpira basi. Ndinayambira konko, ma 500 kwacha loweruka, ndani sankapanga? Zinasintha nditafika kuno mu 2023. Kuno ukaweruka ulibe kolowera, nthawi yozizira 4 koloko kwada kale, m'chipinda uli wekhawekha, palibe oti angakugogodere nkukufunsa kuti mwaswera bwanji. Ndinayamba ndi mapaundi 5 pa tiketi, timu imodzi nkundiphera, mawa 10 kuti ndibweze ya dzulo, kenako mpira unayamba kundichedwera poti umafuna kudikira mphindi 90, ndinalowa timasewera tija tozungulira tomwe pa sekondi zochepa wadziwa kale kuti wadya kapena wadyedwa.

Ndinene apa kuti ine si munthu otaya banja. Fizi ya ana sinaphonyepo ngakhale teremu imodzi, renti ya ku Blantyre ndimalipira ndine, mankhwala a shuga a mayi anga ndine, ngakhale mchimwene wawo wa akazi anga, mlamu wanga amene ndimutchule pansipa, sukulu yake ya ukachenjede ndinamulipirira ine. Zimenezi anthu amaiwala msanga. Koma ndalama yomwe ndinkasunga padera yoti ndiwabweretsere kuno, ya ma visa ndi matikiti a ndege ndi kupeza nyumba yokulirapo, imeneyo ndi yomwe inapita. Ndipo chimene chimandidya nchoti anzathu a ntchito ngati yangayi omwe anabwera March 2024 atadutsa saloledwanso kubweretsa mabanja awo, ine mwayi umenewo ndinali nawo poti ndinafika kale, nkuusewera ndekha ndi chala changa.

Usiku wina mu June chaka chatha ndinaluza malipiro a mwezi onse pa maola osakwana atatu. M'mawa mwake mnzanga wa ku Zimbabwe yemwe timagwira limodzi anandipeza nditakhala pa sitepe ya basi, basi yanga itadutsa kawiri osakwera. Sindikudziwa kuti anaona chani pankhope panga koma anangondifunsa kuti ndi kubetcha eti, nayenso anadutsamo. Ndi amene anandiuza za GAMSTOP. Azakhali mwina simuidziwa, ndi ndondomeko ya kuno yoti munthu umakadzilembetsa wekha kuti makampani onse a juga ya pa intaneti omwe ali ndi chiphaso cha dziko lino asakulolenso kulowa. Ndi yaulere. Umalemba dzina, tsiku lobadwa, ma imelo onse omwe unagwiritsapo ntchito, manambala a foni ndi komwe ukukhala, nkusankha miyezi 6, chaka chimodzi kapena zaka 5. Ukangodina basi, sungadzuke mawa nkunena kuti ndasintha maganizo, nthawi yomwe wasankhayo iyenera kutha kaye. Mnzangayo anati yamba ndi chaka. Ine ndinadina zaka 5, chala chikunjenjemera, pa sitepe ya basi pomwepo.

Tsiku lachitatu lake ndinayesa kulowa mu akaunti yanga, inakana. Ndinayesa kutsegula ina ndi imelo yatsopano, inakananso. Ndinakhala pansi m'chipinda nkulira ngati mwana, theka ndikuthokoza Mulungu theka ndikulusa, sindingathe kufotokoza bwino. Kenako ndinazindikira kuti mashopu obetchera a m'tauni sakhudzidwa ndi zimenezi, ndipo pa msewu wochoka pa basi kufika komwe ndimakhala alipo awiri. Awo ali ndi ndondomeko yawo ina, pa nthawiyo ankati MOSES, unkaimba foni nkutumiza chithunzi chako nkutchula mashopu omwe ukufuna akuletse, inkakhala ya chaka chimodzi. Ndinapanganso imeneyo. Ku banki nakonso ndinayatsa chotchinga choti khadi yanga isamalipire za juga, ukafuna kuchizimitsa umadikira kaye maola 48. Zonsezi palibe anandikakamiza, ndinapanga ndekha.

Loweruka lina miyendo inangonditengera mu shopu imodzi mwa awiri aja. Ndinatenga kapepala ndi kacholembera kakang'ono kaja, ndisanalembe ndi timu imodzi yomwe mtsikana wa pa kauntala, wamng'ono ngati mlongo wanga wotsiriza, anatuluka nkubwera pafupi nane, nkundiuza motsitsa mawu kuti bambo pepani munatipempha nokha kuti tisamakuloleni muno. Sanakuwe, sanandichititse manyazi, mpaka anandiperekeza pa chitseko. Ndinayenda mpaka kunyumba kacholembera kali m'manja, mpaka lero kali mu jekete. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala masiku 241 osabetcha ngakhale kakobiri, ndinkachonga pa kalendala yomwe ndinamata kuseri kwa chitseko.

Tsono apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Nditapanga zonsezi ndinawaimbira akazi anga pa vidiyo, ndinawauza chilungamo, chabwino osati chonse koma chambiri, ndinawaonetsa mpaka uthenga otsimikiza kuti ndadzitsekera zaka 5. Ndinkayembekeza kuti anena kuti mwachita bwino bambo a ana, tilimbane nazo limodzi. Anangondiyang'ana nkufunsa kuti nde ndalama zija zili kuti? Basi. Sabata isanathe amayi awo anali atadziwa, ankhoswe adziwa, mayi anga akundiimbira akulira kuti mwana wanga walowa juga. Nkhani yomwe ndinaulula ndekha mwa kufuna kwanga inasanduka mlandu wa mudzi onse. Ndikudziwa kuti ndinawalakwira, ndalama imeneyo inali yawonso, anadikira zaka ziwiri akuuza ana kuti tipita kwa adadi posachedwa. Koma munthu akabwera yekha nkugwada amamupondanso pamutu?

Kuchokera pamenepo chilichonse ndi risiti. Pepala la malipiro nditumize, zomwe ndagula nditumize. Mu November ndinagula jekete ya kaunjika ya mapaundi 18, chifukwa yomwe ndinabwera nayo zipi inaduka ndipo ndimadikira basi 6 koloko m'mawa kunja kukuzizira koti makutu amachita kuwawa, anandifunsa katatu kuti jekete yanji yodula choncho, mpaka ndinaijambula ndi kapepala ka mtengo kali pompo. Mapaundi 18 Azakhali, munthu ogwira maola 12 usiku kusambitsa ndi kunyamula makolo a eni ake. Koma pa masiku 241 aja palibe ndi tsiku limodzi lomwe anandifunsa kuti mukulimba bwanji, lero ndi tsiku lachingati. Kalendala ija ankaidziwa ndine ndekha.

Sindikunena kuti ndi iwo anandibwezeretsa, ayi. Kapena mwina pang'ono ndikutero, kaya. Chomwe chinachitika nchoti mu February mlamu wanga uja, yemwe amakhala pakhomo panga pomwepo nkumadya nsima yanga, anaika pa status kuti wadya pa kandege, masewera obetchera a pa foni omwe ndalama yako imachulukira kandege kakamakwera koma uyenera kutsika kasanathawe. Ndinangomuyankha kuti samala nazo izi. Iye nkuti alamu inu mpira wa kumeneko mumaudziwa, tandipatseniko matimu anayi okha, simukubetcha inu ndikubetcha ndine. Ndinaona ngati palibe vuto. Matimu aja analowa onse. Anandiimbira akukuwa kuti mukanaikapo yanu bwenzi pano tikukamba zina. Sabata yotsatira ndinamutumizira mapaundi 20 kuti andiikire.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti mpanda onse ndinamanga uja uli ndi chibowo. Makampani a kumudzi sali pansi pa GAMSTOP, iyo imagwira okhawo a chiphaso cha kuno. Banki nayo ikaona ndalama ikupita ku Malawi imangoti munthu akuthandiza abale ake. Nde ndimatumiza kwa mlamu, iye amaika mu akaunti yake, nkundiimbira pa WhatsApp foni ina atailozetsa pa sikirini. Ine ndili mu toileti ya kuntchito, zomvera m'makutu, kandege kakukwera, 1.5, 2, 3, iye akuti alamu titsike, ine ndikunong'ona kuti dikira, dikira pang'ono, kenako kathawa. Nkumuuza kuti ikanso. Ndipo poti ndi makwacha, manambala ake amaoneka ngati si ndalama yeniyeni, umazindikira mochedwa kuti mausiku anayi omwe unagwira apita pa mphindi 20. Tsiku lina ndikumva mawu a mwana wanga wamkazi kuseri akufunsa kuti ankolo mukuyankhula ndi ndani, mlamu nkumuuza kuti ndi anzanga, pita ukagone. Ndinadula foni, koma mawa lake ndinaimbanso.

Chomwe chandilembetsa usiku uno ndi ichi. Kuno tili ndi chipereganyu cha anthu 10, aliyense amaponya mapaundi 200 pa mwezi, ndipo osunga ndalama ndine poti amandiona ngati munthu wa pemphero, za vuto langa sadziwa kupatula wa ku Zimbabwe uja yemwe sali mu gulumo. Lachisanu likubwerali ndi tsiku la mayi ena oti alandire, akufuna kukonzera mapepala awo. Ndalamayo siyokwana. Nambala sindilemba, ndikuchita manyazi ngakhale kuiwerenga ndekha. Ndinkati ndibwereka pang'ono ndibweza ndikalandira, kenako ndinafuna kubweza yomwe ndinabwerekayo msanga, mukudziwa kale mmene zimathera. Malipiro anga akubwera pakatha masabata awiri, ndipo akazi anga akudikira pepala lake.

Mlamu nayenso wasintha mayankhulidwe. Poyamba ankangotengako kangachepe tikadya, pano ndi alamu bandulo yatha, alamu nsapato, ndipo dzana anandilembera kuti mukudziwa ine ndakusungirani pakamwa nthawi yaitali. Mwana yemwe ndinamulipirira fizi. Ankadziwa bwinobwino kuti ndinadzitsekera, nkhani ija inakambidwa pa sitingirumu iye ali pompo, nanga anandipempheranji matimu? Komanso ndikaganiza, wamkulu ndine, otumiza ndalama ndine, iye ali ndi zaka 23 ndipo mwina ndamulowetsa mozama ndine. Ndikawauza akazi anga ndiye kuti ndaululanso za mchimwene wawo, amuthamangitsa pakhomo, apongozi adzati ndawaonongera mwana. Ndikapanda kuwauza ndiye kuti andigwira pakhosi mpaka kale.

Pali nambala yaulere ya GamCare, bungwe la kuno lothandiza anthu a vuto la juga, yomwe amayankha usana ndi usiku, ndinaimba Lolemba. Anayankha mayi wina mwaulemu kwambiri nkundifunsa kuti ndikufuna kukamba chani. Ndinangoti duu. Ndiyambira pati, chipereganyu ndichifotokoza bwanji, mlamu, ankhoswe, zoti mayi anga analira? Chizungu ndimayankhula tsiku lonse kuntchito koma pamenepo chinandithera, ndinadula. Wa ku Zimbabwe uja amandifunsabe kuti masiku afika angati, ndimamunamiza, ndimangowonjezera pa 241 paja ngati palibe chachitika.

Nde ndithandizeni Azakhali. Ndiyambe kuuza ndani, a chipereganyu kapena akazi anga? Ndikawauza mayi aja kuti adikire masabata awiri, ndinene chifukwa chenicheni kapena ndingoti kumudzi kunagwa vuto? Ukatsegula pakamwa kuno mawa Blantyre yense wamva. Akazi anga ndiwauze zonse ndi za mchimwene wawo zomwe, nanga akapitanso nazo kwa ankhoswe ngati poyamba paja ndipirira bwanji kachiwiri? Ena amati malipiro onse azilowa kwa mkazi iwe uzingopatsidwa ya basi ndi chakudya, ndingavomere, koma kwa munthu yemwe anandizenga mlandu wa jekete? Kapena ndikungofuna chonamizira? Ndipo chibowo cha kumudzichi ndichitseka ndi chani, poti mlamu ndikamubuloka alipo anzanga ena khumi a ku Ndirande omwe angandiikire ndikangowatumizira uthenga umodzi. Kulibe fomu yoti ndilembe kuti abale anga ndi anzanga onse asamandilole. Kodi kudzitsekera kuja kunali ndi phindu, kapena masiku 241 aja anapita pachabe ndiyambirenso pa ziro?

Ndimawakonda akazi anga, ndikufuna ana anga abwere ndiziwaperekeza ku sukulu ngati anzanga. Ndikungofuna munthu mmodzi andifunseko kuti lero ndi tsiku lachingati, ngakhale yankho litakhala loti loyamba. Pomwe ndikulemba pano mlamu wanditumizira uthenga, kumeneko kwacha kale, akuti alamu lero tiuluka? Sindinamuyankhe, komanso sindinamubuloke. Mu akaunti mwatsala ndalama ya anthu ija, ndipo mutu ukundiuza kuti kamodzi kokha ikhoza kukwana pofika Lachisanu. Ndiyankheni msanga chonde.

Ine bambo wa ana awiri,
England