Kalata ya Abusa: Payipi ya Mafuta ndi Minda ya Anthu

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye pano pa Mzuzu, mtendere ukhale nanu.

Tikaona mathanki a mafuta akukwera Chiweta mokwawa kuchokera ku Dar es Salaam, ambiri timati bwenzi pali payipi, mizere ya pa filing'i siteshoni ikanachepa. Pali nzeru pamenepo: a ku Zambia akhala akulandira mafuta kudzera m'payipi ya TAZAMA kuyambira 1968. Koma payipi imadutsa m'minda ya anthu, ndipo za eni mindawo ndi zimene ndikulemberani.

Payipi ina ya mafuta yotchedwa EACOP, yochokera ku Hoima ku Uganda kukafika pafupi ndi Tanga ku Tanzania, ndi yamakilomita 1,443, ndipo imatenga malo a mamita 30 m'lifupi. Mamita 30 amamveka ochepa, mpaka mutawaona atadula pakati pa munda wa ekala imodzi.

Povuta kwambiri ndi tsiku lotsekera kalembera wa katundu wa anthu amene malo awo atengedwe. Akawerenga katundu wanu, chilichonse chimene mungabzale kapena kumanga pambuyo pake sichilipiridwa. Ku Uganda mabanja ambiri anasiya kubzala khofi ndi nthochi, ena kusiya kukonza nyumba, koma chipukuta misozi chinachedwa zaka. Pofika ndalamayo, malo anali atakwera mtengo, osakwanira kugula munda wofanana ndi wakale.

Choncho tsiku la kalembera, kaya ndi wa payipi, msewu kapena mgodi, musatume mwana. Khalanipo nokha, bambo ndi mayi, pamodzi ndi amfumu. Werengani mitengo umodziumodzi: mango obereka asalembedwe ngati mbande, phata la nthochi lisalembedwe ngati mtengo umodzi. Chitsime, khola, chimbudzi ndi manda zilowe pafomu. Jambulani zonse pafoni. Musasayine pepala limene sanakuwerengereni m'chiyankhulo chimene mumamva, ndipo kope lanu mulitenge tsiku lomwelo. Funsani tsiku lolipira, lilembedwe. Akakupatsani mwayi wosankha pakati pa malo ena ndi ndalama, ine ndikuti wodalira khasu asankhe malo. Ndalama imatha dzinja limodzi.

Amasiye ndi obwereka minda ndiwo amaiwalika, poti dzina lolembedwa limakhala la mwamuna kapena mwinimalo. Akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano, aperekezeni. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa munda wanu; musadikire alendo abwere ndi zoyezera. Naboti uja wa pa 1 Mafumu 21 analibe womuyimira.

Za chitukuko tisanamizane. Ntchito zambiri zimakhala za nthawi yokumba. Payipi ikakwiriridwa otsala ndi ochepa. Ya ku Chad yopita ku Kribi ku Cameroon inayamba kugwira ntchito mu 2003 ndi lonjezo loti ndalama zipita ku sukulu ndi zipatala, koma mu 2008 banki ya World Bank, imene inathandiza ndi ndalama, inachokamo poona kuti boma la Chad silikusunga panganolo.

Achinyamata, payipi kapena thanki ikamadontha, musathamangireko ndi zigubu. Ku Jesse ku Nigeria mu 1998 moto unapha anthu mazanamazana otunga mafuta.

Ofuna thandizo powerenga mapepala a malo aonane ndi mlembi wa mpingo tikaweruka Lamulungu.

Ine mbusa wanu.