Jogalafe ayambire pa mtsinje wa Shire

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi a jogalafe a ku Chikwawa ndi Nsanje. Mwana akamaphunzira phunziroli amakumana ndi mitu monga iyi: pamene malo ali, kukwera kwa malowo, nyengo yake, ndi m'mene anthu amakhalira pamalopo. Zonsezi zili pakhomo pathu m'chigwa muno, koma ana ambiri amangoziloweza pa bolodi.

Tiyambe ndi kukwera kwa malo. Madzi a m'nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Shire akadutsa Liwonde amagwa pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo pofika ku Chikwawa amakhala atatsikira pa mamita pafupifupi 100. Kuchokera pamenepo mpaka pamene amalowera ku Mozambique, pa mamita 37, malo otsikitsitsa m'dziko lino, mtunda ndi wautali koma kutsetsereka n'kochepa kwambiri. Madzi akachepa liwiro amatula mchenga ndi matope amene anyamula kumtunda, mtsinje n'kumakwiririka chaka ndi chaka. Kutsika komweku ndiko kumabweretsa kutentha, pakuti mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse okwera. N'chifukwa chake wochokera ku Blantyre amavula juzi akamatsika Thabwa.

Mutu umene ndikuuona wofunika koposa ndi wa dera limene madzi ake onse amathera mu mtsinje umodzi. Ngabu ndi Nchalo amalandira mvula yochepa, kawirikawiri yosafika mamilimita 800 pa chaka, pamene mbali zina za phiri la Mulanje zimaposa 2,000. Madzi a ku Mulanje ndi Thyolo amatsika ndi Ruo n'kukakumana ndi Shire pa Chiromo. Ruo akadzaza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh ndi m'midzi yozungulira. Apa ndiye pagona nkhani: ku Makhanga madzi atha kusefukira kumwamba kuli mbee. Zimene zinachitika mu Januwale 2015, komanso pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mwana sangazimvetse ngati sanalondole Ruo, Mwanza ndi Thangadzi ndi chala pa mapu mpaka kumene mitsinjeyi imayambira.

Mapu a sikelo ya 1:50,000 ndiwo oyenera ntchitoyi. Masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi. Njira yokhotakhota musayeze ndi lula. Yalani ulusi motsata njirayo, kenako muuwongole pa lula. Ana ayambe ayeza mtunda wochokera kwawo kukafika kumalo okwera kumene anthu amathawira. Cholakwika chofala n'kukuza mapu pa fotokope: manambala a sikelo amatsala omwewo pamene mtunda papepala wasintha, choncho gwiritsani kamzere ka sikelo kamene kamakula limodzi ndi mapuwo. China, musanawerenge, lozetsani kumtunda kwa pepala kumpoto. M'mawa chithunzithunzi cha munthu chimaloza kumadzulo, ndiye kumpoto sikuvuta kupeza.

Mizere ya makontuwa, imene imalumikiza malo okwera mofanana pa mapu, ikathithikana, malowo ndi otsetsereka. Ikatalikirana, ndi athyathyathya. Koma m'chigwa muno mizereyi ili ndi malire ake. Pakati pa mzere ndi mzere pamakhala mamita angapo, pamene nyumba yomira ndi yopulumuka zimasiyana ndi mita imodzi yokha. Choncho ana ajambule mapu a mudzi wawo, afunse akuluakulu pamene madzi analekezera, ayeze zizindikiro za matope pa makoma ndi pa mitengo, alembe chaka chake pa mapupo.

Choyezera mvula sichilira ndalama. Tengani chitini chowongoka, chofanana kukamwa ndi pansi, muchikhazike pa mtetete, kukamwa kwake kutalike masentimita 30 kuchoka pansi, kutali ndi mtengo kapena denga kawiri kutalika kwa mtengowo. Yezani ndi lula 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, mulembe, mukhuthule. Mukachedwa mpaka masana, dzuwa la kuno limamwa madziwo. Botolo lopapatiza kukamwa limanamiza, ndipo osaiwala kampanda kotchinga mbuzi. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse, ndiye mamilimita 100 pa hekitala imodzi ndi malita 1,000,000.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zamaphunziro ndi akuluakulu a maboma awiriwa n'lakuti sukulu iliyonse ya sekondale ilandire mapu a dera lake ndi a kumtunda kumene madzi ake amachokera, ndipo sukulu za ku Mulanje ndi Thyolo zizitumizirana ziwerengero za mvula ndi za ku Bangula ndi Makhanga kuyambira Novembala mpaka Epulo.

Mphunzitsi wa jogalafe,
Bangula, Nsanje