Pangano la fodya lija, ndime 17 yatsalira kuti?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za malamulo amene amapangidwa kutali koma amatipeza ife alimi kuno ku Chipangali. Mu 2003 maiko a m'bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anagwirizana ku Geneva pangano lochepetsa kusuta fodya, lija amati FCTC, linayamba kugwira ntchito mu 2005 ndipo Zambia inalowamo mu 2008, chaka chomwecho boma linaletsa kusuta pamalo a anthu ambiri. Anzathu a ku Malawi analowa mochedwa, mu 2023, poti chuma chawo chadalira kwambiri fodya.

Ine panganoli sindilitsutsa ai. Fodya amapha, ndipo aliyense amene anathyolapo masamba m'mawa mame ali tho amadziwa mutu ndi mseru zimene zimakugwira madzulo ngakhale sunasutepo chibadwire.

Koma m'pangano lomweli muli ndime 17, imene imati maboma athandize alimi a fodya kupeza ulimi wina wopindulitsa, ndipo apa ndi pamene mtima ukundipweteka. Amatiuza kuti limani soya, limani nshawa, mpendadzuwa, chabwino tamva, nanga loni ya feteleza ndi mbewu imene makampani a fodya amapereka adzatipatsa ndani, komanso soya ukakolola mavenda amafika pakhomo ndi sikelo yawo ndi mtengo wawo, iwe fizi ya mwana ikukudikira, umangogulitsa basi. Munthu sangagwetse chigafa chake chifukwa cha mau chabe.

Tisamanamizanenso kuti izi ndi za azungu. WHO ilibe apolisi, siingamange munthu ku Chipata. Pangano limakhala ndi mano pokhapokha Nyumba ya Malamulo ku Lusaka italilowetsa m'malamulo athu, ndipo kuyambira 2016 tili ndi lamulo loti mapangano otere azidutsa kwa aphungu dziko lisanawavomereze. Maiko a m'panganoli amakumana pakapita zaka ziwiri zilizonse n'kumawonjezera malangizo atsopano, Zambia ilinso ndi mpando kumeneko. Nthumwi zathu zimanyamula mau a ndani?

Ndikupempha aphungu a kuno kum'mawa, msonkhano wina usanafike abwere m'makopaletivu athu nyengo ya nazale isanayambe, atiuze zimene boma likanene ndiponso ndalama imene laika pa ndime 17, nafenso tinenepo zathu.

Mlimi wa fodya,
Chipangali