Lipoti la msonkhano wa akonzi: magwero a mbiri za anthu amoyo pa Wikipedia

Kwa a wapampando ndi mamembala nonse,

Munatituma kuti tikamvetsetse lamulo la Wikipedia lotchedwa BLP, lokhudza mbiri za anthu amene akadali moyo. Mtima wa lamuloli ndi uwu: mfundo yokayikitsa yonena za munthu wamoyo, ngati ilibe gwero lodalirika, ichotsedwe pomwepo, zokambirana zibwere pambuyo. Wofuna kuiika kapena kuibwezera ndiye abweretse gwero. Lamulo loletsa kubweza zosintha koposa katatu pa maola 24 silimanga munthu wochotsa zotere, koma tinachenjezedwa kuti tisamabisale pamenepa tikangosemphana maganizo ndi mnzathu. BLP imagwiranso ntchito pa masamba okambirana.

Kukhwimaku kunayamba mu 2005, pamene mbiri ya mtolankhani wa ku America John Seigenthaler inakhala miyezi inayi ili ndi bodza lomukhudza pa kuphedwa kwa pulezidenti wa America John Kennedy ndi m'bale wake Robert. Mu 2009 bodi ya Wikimedia Foundation, bungwe loyendetsa Wikipedia, inapempha mapulojekiti ake onse kusamala pa mbiri zoterezi.

Tinakhalitsa pa funso lakuti gwero lodalirika ndi liti. Nyuzipepala yokhala ndi akonzi ofufuza ndi kukonza zolakwa, buku la wosindikiza wodziwika, magazini ya akatswiri: izi n'zololedwa. Zolemba za pa Facebook kapena X, ndi mabuku odzisindikizira wekha, sizingakhale umboni wonena za munthu wina, ngakhale wolembayo ndi katswiri. Zimaloledwa pokhapokha munthu akunena za iye mwini, osadzitamandira, osakhudza ena. Nyuzipepala ya ku Britain ya Daily Mail inakanidwa kukhala gwero pa Wikipedia ya Chingerezi mu 2017.

Chimene chinadabwitsa ambiri ndi zikalata za kukhoti. Zimaoneka zolimba, komatu n'zoletsedwa kuzigwiritsa ntchito pazokha, chifukwa dandaulo lolembedwa ndi mbali imodzi si chigamulo. Munthu wosatchuka akangoganiziridwa mlandu, ndi bwino kusalemba mpaka khoti litamupeza wolakwa. Ife tikuona kuti apa m'pamene gulu lathu liyenera kusamala kwambiri, poti mbiri ya munthu ikaipitsidwa imafalikira kutali kusiyana ndi kukonza kwake.

Msampha wina ndi wozungulira: wina walemba bodza pa Wikipedia, mtolankhani wakopera, kenaka nkhani yakeyo yasanduka gwero. Yerekezani deti la gwero ndi deti limene mfundoyo inalowa m'mbiri ya zosintha za tsamba.

Adiresi ndi nambala ya foni zisalembedwe. Mukazipeza, tumizani imelo kwa a oversight (akonzi okhala ndi mphamvu yobisa zolembedwa) azibise, osalengeza poyera. Munthu akadandaula za tsiku lake lobadwa, siyani chaka chokha. Wobadwa m'zaka 115 zapitazi amatengedwa ngati wamoyo pokhapokha pali gwero la imfa yake. Pa Wikipedia ya Chingerezi, mbiri yopanda gwero n'limodzi lomwe ingafufutidwe patatha masiku 7 chiikireni chizindikiro chopempha kuti ifufutidwe.

Pempho lathu: pa msonkhano ukubwerawu tigawane mbiri zonse za anthu amoyo zimene tinalemba, aliyense aunike za mnzake chiganizo ndi chiganizo.