Kwa mnzanga wakutali, za bizinesi yakukopayi

Mnzanga wapamtima,

Uthenga wako unandipeza Lachiwiri usiku, ndipo ndauwerenga mpaka ndatsala pang'ono kuuloweza. Ndasankha kukuyankha papepala chifukwa pafoni ndikanangolemba mawu awiri okalipa, iwe n'kukwiya, nkhani n'kuthera pomwepo. Miyezi isanu ndi umodzi uli zii! Ine kuno kumangoti kaya ukudwala, kaya foni inabedwa, kenako ndi uyu watulukira ndi "mwayi wosintha moyo" pamodzi ndi chithunzi cha mayi wovala zoyera atatsamira galimoto. Za bondo langa lija osafunsa n'komwe. Likupwetekabe, makamaka kukazizira. Mng'ono wanga anachira mwezi watha, mwana wamkazi, onse ali bwino. Zimenezo ndidzakusimbira tsiku lina. Lero mtima wanga uli pa network marketing yakoyi, bizinesi yoti uzigulitsa katundu wa kampani kwinaku ukulowetsa anthu ena kuti nawonso azigulitsa.

Wandifunsa ngati ili bizinesi yeniyeni kapena ndi ya akathyali. Funso loti upite nalo kumsonkhano wa Loweruka ndi limodzi: ndalama zimene akuti uzilandirazo zizichokera m'thumba mwa yani? Zikamachokera kwa anthu akunja, ogula mafutawo chifukwa awakonda, oti mawa adzabweranso popanda wowanyengerera, amenewo ndi malonda. Koma zikamachokera kwa anthu amene iwe wawalowetsa, pa ndalama yawo yolembetsera ndi pa katundu amene akukakamizidwa kugula mwezi ndi mwezi, imeneyo ndi piramidi, mafutawo angoikapo ngati chovindikira.

Ukukumbukira makatoni aja unawaona kunsi kwa bedi langa utabwera kudzatsanzika, ine n'kukuuza kuti ndi a alamu ako? Anali anga. Ndinakubisira chifukwa cha manyazi. Inenso ndinalowa, mnzanga, kampani ina ya mafuta odzola ndi mavitamini. Lamulo linali loti mwezi uliwonse ugule katundu wofika pamlingo wakutiwakuti kuti ukhale "active", ukapanda kutero bonasi yako yapita. Mtengo wake unali wokwera kuposa mafuta ofanana nawo a m'sitolo, ndiye munthu ankagula botolo limodzi pondimvera chisoni, osabweranso. Makatoni anayamba kusanjikizana. Tsiku lina ndinatsegula botolo limodzi n'kupeza mafuta atalekana, pamwamba timadzi tachikasu, pansi zolimba, fungo ngati la penti wakale. Deti inali itadutsa. Usiku umenewo ndinatenga kope n'kulemba mbali ina zolowa, mbali ina zotuluka: yolembetsera, katundu, mayunitsi, thiransipoti yopitira kumisonkhano, matikiti a semina. Nditawonkhetsa ndinalira. Kasitomala wamkulu wa kampaniyo ndinali ine ndemwe. Nditadandaulira upline wanga, munthu amene anandilowetsa, anandiyankha kuti sindikulimbikira, maganizo anga ndi aumphawi. Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndalamazo, mpaka lero.

Iwe uja wa masamu, amene unkationetsa mayankho tonse m'kalasi, zakuvuta bwanji kuwerengera izi? Akuti upeze anthu asanu okha, iwonso apeze asanu asanu. Tenga pensulo. Mzere woyamba 5, wachiwiri 25, wachitatu 125. Pofika mzere wa nambala 10 pakufunika anthu oposa 9 miliyoni, pa mzere wa 15 oposa 30 biliyoni, chikhalirecho dziko lonse lapansi lili ndi anthu 8 biliyoni ndi pang'ono, kuphatikizapo makanda ndi ogona m'chipatala. Ndipo chimene sakuuza pa bolodi paja n'chakuti nthawi ina iliyonse, pafupifupi anayi mwa anthu asanu alionse amakhala ali mumzere wapansi penipeni, opanda wina kunsi kwawo woti awadyere. Amenewa saluza chifukwa cha ulesi. Kapangidwe kake kanafuna kuti alipo ambiri oluza, kuti ochepa a pamwamba ajambulitse ndi galimoto.

Usandimve ngati ndikuti kugulitsa katundu kudzera mwa anthu n'kulakwa. Ku America nkhaniyi inafika pobwalo kalekale. M'chaka cha 1979 bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission, FTC mwachidule, linagamula kuti Amway, kampani ya network marketing, si piramidi, ndipo linatsamira pa malamulo atatu amene kampaniyo inali nawo: munthu agulitse kwa makasitomala khumi osiyanasiyana pamwezi, agulitse 70 peresenti ya katundu amene wagula asanalandire bonasi, ndipo kampani izigulanso katundu wotsala wa amene wasiya. Onse atatu akuloza kumodzi, kuti katundu azituluka m'nyumba kupita kwa ogula enieni. Bungwe lomwelo mu 2016 linagwirizana ndi kampani ina yotere, Herbalife, kuti ilipire madola 200 miliyoni ndi kusintha kalipiridwe kake, ndalama zizitsatira malonda otsimikizika. Mu 2019 kampani inanso, AdvoCare, inalipira madola 150 miliyoni n'kuletsedwa kuchitanso bizinesi ya mtunduwu. FTC inati oposa 70 mwa anthu 100 alionse ogulitsa katundu wake sanalandire kalikonse kuchokera ku kampaniyo m'chaka cha 2016. Onsewa anali ndi maofesi, katundu wooneka ndi maso, ndi ziphaso. Ndiye mayi wa galimotoyo akakuonetsa setifiketi yolembetsera kampani, dziwa kuti pepala limenelo likungonena kuti kampaniyo ilipo, silikunena kuti iwe upindula. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pali enanso oti ngakhale botolo alibe. Piramidi yotchedwa MMM ya Sergei Mavrodi inagwa ku Russia mu 1994, n'kudzatulukiranso ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria cha m'ma 2015 ndi 2016, ikulonjeza 30 peresenti pamwezi. OneCoin, yogulitsa ndalama yabodza ya pa intaneti, inatolera madola oposa 4 biliyoni, mwini wake Ruja Ignatova anakwera ndege ku Sofia kupita ku Athens mu 2017, osaonekanso. Akakuuza kuti ungoikamo ndalama izibereka yokha, nyamuka pampandopo.

Loweruka upite ndi kope. Uwapemphe chikalata chosonyeza zimene ogulitsa onse anapeza chaka chatha, amachitcha income disclosure. Usayang'ane mzere wa pamwamba, yang'ana wa pansi pamene pali anthu ambiri, ndipo ukumbukire kuti kawirikawiri manambalawo amakhala asanachotse zimene munthu wawononga. Ufunse ngati ungapeze ndalama yooneka popanda kulowetsa munthu ngakhale mmodzi. Ufunse ngati adzakubwezera ndalama za katundu wotsala, ndipo akuonetse pamene zalembedwa, za pakamwa ayi. Mayiyo umufunse kuti mwezi watha anagulitsa mabotolo angati kwa anthu amene sali m'bizinesimo. Uone nkhope yake pamenepo. Akayamba kukamba za maloto ako, za ana ako, za anthu ansanje amene safuna kuti utukuke, m'malo moyankha nambala, wayankhidwa. Ndipo akati ulembetse lero lomwe chifukwa malo akutha, uwauze kuti ukaganize kaye sabata ziwiri. Bizinesi yolongosoka siwonongeka m'sabata ziwiri. Ngongole yokha usatenge, ndagwira mwendo.

Koma chimene chandisowetsa tulo si ndalama. Ndikudziwa kuti akuuza kale kuti ulembe mayina 100 a anthu amene ukuwadziwa, chifukwa nanenso ndinalemba. Ndiye ndiuze, ine ndili nambala chani? Ndakhala ndikuganiza zimenezi kuyambira Lachiwiri, pochapa, pogona, ngakhale ndili kuchipatala ndi mng'ono wanga ku sikelo ya mwana. Ngati ndili pamwamba, ndiye kuti umandikhulupirira kapena umandiona wosavuta? Ngati ndili pansi, bwanji pansi? Ndipo ndikakana, udzadula dzina langa ndi bolopeni, monga ndinkachitira ine? Ndinadula dzina la azakhali anga ndi dzanja langali. Anasiya kuyankha foni yanga, ndipo atadwala sanandiuze, poopa kuti ndibwera ndi mavitamini. Ndinamvera kwa ena. Dzina lako linalimo m'kope muja, nambala 3. Ndinalemba uthenga woti ndikutumizire n'kuufufuta kanayi, ndipo ndimayamika Mulungu kuti sindinautumize. Sindikufuna kuti ndizidzaona dzina lako pafoni mtima n'kugunda kuti kodi lero akufuna chiyani. Tadziwana tili ndi zipsera m'mawondo, iwe ndi ine. Ukasowa ndalama undiuze poyera, tiona pogwira, koma usandiitanire ku "tiyi" amene pamapeto pake pali bolodi ndi mizere yozungulira.

Achimwene ako ndinakumana nawo, anenepa, ndipo akuti iwonso sumawaimbira. Usawalowetse, ukuwadziwa mtima wawo, adzagula makatoni khumi kuti akusangalatse.

Pepala likutha ndipo bondo layambanso, ndakhalitsa pampando. Chatsala ndi cha galimoto ija. Umufunse mayiyo kuti mapepala ake ali m'dzina la yani, chifukwa m'makampani ena munthu amatenga galimoto pangongole m'dzina lake, kampani n'kumangomuthandiza kulipira pokhapokha timu yake ikamagula katundu wokwanira, ndiye mwezi umene anthu ake achepa…

Ndilembere ukangobwera kumsonkhanoko, usadikirenso miyezi isanu ndi umodzi.

Ndine mnzako uja.